Njinga yokwerera ku Chowe: ya mpikisano kapena ya mountain?

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi kulowera ku Namwera, msewu umayamba wathyathyathya, kenako umakwera mokhotakhota kupita ku Chowe, pakati pa mitengo ya mombo ndi misuku. Pamakona a pamwamba mukacheuka, Shire amaoneka ngati chingwe cholumikiza nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Amene akufuna kupalasa kukaona zimenezi amafunsa kawirikawiri kuti agule njinga iti: ya mpikisano ya matayala opyapyala kapena ya mountain. Yankho lagona pa magiya pokwera ndi mabuleki potsika. Kupepuka kwa njinga kumabwera pambuyo.

Tiyambe ndi magiya. Werengani mano a giya yaing'ono ya kumapedulo ndi a giya yaikulu ya kumbuyo. Njinga zambiri zakale za mpikisano zimene zimapezeka pa kaunjika zili ndi mano 42 kutsogolo ndi 23 kumbuyo. Mukazunguza mapedulo kamodzi, tayala limazungulira pafupifupi kawiri. Pamsewu wa ku Monkey Bay zimenezi n'zabwino, koma pa Chowe mudzaimirira pa mapedulo, mawondo n'kuyamba kulira musanafike pakati. Za mpikisano zamakono zimakhala ndi 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, ndipo apo munthu amakwera atakhala pa chishalo. Ya mountain ya magiya atatu kutsogolo imatsika mpaka 22 ndi 32, moti tayala silimaliza n'komwe kuzungulira kamodzi. Mumayenda pang'onopang'ono, koma simutsika kuti mukankhe. Kwa munthu amene sanazolowere zitunda, apa ya mountain yapambana kutali.

Njinga ya kabaza ya giya imodzi isakupusitseni chifukwa anyamata amatsika nayo atasenza matumba. Pokwera amaikankha, ndipo mabuleki ake a zitsulo sagwira bwino limu ikapindika pang'ono kapena ikanyowa.

Pa matayala, ya mpikisano imathamanga mosavutikira pa phula. Tayala la mamilimita 25 kapena 28, lopopedwa mpaka psi 80 kapena 90 (muyezo wa mphepo ya m'tayala), silidya mphamvu. Vuto limabwera mphepo ikachepa: mukagunda m'mphepete mwa dzenje, chubu chimapanidwa ndi limu n'kubooka mabowo awiri ogundizana, ovuta kumata ndi chigamba chimodzi. Galimoto yaikulu yochokera ku Chiponde ikakukankhirani kumbali, tayala lopyapyala limazama m'mchenga nthawi yomweyo. Ya mountain imapirira zonsezi, komanso imakulolani kupatukira m'tinjira ta fumbi kuti mukafike pamalo ooneka bwino. Chokhacho, matayala ake a zikhadabo amalira ndi kulemera pa phula. Achotseni, muike osalala a 26 x 1.5, mudzamva kusiyana tsiku lomwelo.

Nkhani ya zipangizo ndi imene ambiri amaiiwala. Chubu cha saizi 26 mudzachipeza m'misika yambiri, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amachidziwa. Cha 700c, cha njinga ya mpikisano, n'chosowa. Wina akakuuzani kuti tayala la mainchesi 28 la njinga ya kabaza likwana, kanani: limu yake ndi ya mamilimita 635 pamene ya 700c ndi ya 622, ndiye silingakhale. Valavu yopyapyala ya Presta nayonso sigwirizana ndi mapampu ambiri a m'mbali mwa msewu. Wa njinga ya mpikisano anyamule yekha machubu awiri, pampu yake, zigamba, solushoni ndi tizitsulo tokanulira tayala.

Potsika ndiye pamafunika mtima wodekha. Mabuleki a mphira zogwira pa limu, kaya ndi pa njinga iti, amatenthetsa limu mukawafinya osasiya. Mphira imatererera, ndipo nthawi zina chubu chimaphulika chifukwa cha kutenthako. Finyani mwamphamvu musanalowe pa kona, muleke, mufinyenso. Gwiritsani mabuleki onse awiri, chifukwa la kutsogolo ndi limene limaimitsa njinga. La kumbuyo lokha limangokhukhuluza tayala. Musananyamuke onani ngati timizere ta pa mphira tikuonekabe, ndiponso ngati waya sanayambe kuthothoka pomangira. Mabuleki a disc, ogwira pa kachimbale ka pakati pa tayala, sawotcha chubu ndipo amagwira ngakhale mvula itagwa, koma mapadi ake muyenera kugula nokha kutauni. Yembekezerani mchenga wokokoloka pamakona, mbuzi, ndi anyani amene amakhala m'mbali mwa msewu.

Ndiye titi bwanji? Ngati mwazolowera kale mtunda wautali, magiya anu afika 34 ndi 32, ndipo simuchoka pa phula, ya mpikisano idzakufikitsani pamwamba msanga, dzuwa lisanakwiye. Kwa ena tonse, ya mountain yovala matayala osalala ndi imene imakwera Chowe n'kubwerako popanda kupempha lifiti.

Njinga iliyonse imene mwasankha, nyamukani 5 koloko m'mawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene m'tauni mumawotcha kusanafike masana. Tengani mabotolo awiri a mamililita 750, limodzi la madzi okha, linalo losungunuliramo mchere ndi shuga pang'ono, ndi nthochi zitatu kapena zinayi. M'miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, kumtunda kumazizira kuposa kunyanja, choncho ikani kajekete kopepuka m'thumba kuti mudzavale potsika, thukuta lisanaume pathupi.