Situdiyo ya ku Luchenza: makiyibodi anawakhoza, magitala anawawononga ndi jenereta

Oimba ambiri a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje akhala akufunsa za situdiyo ija ya kumbali ya Luchenza, imene imalengeza kuti ikhoza kukujambulirani nyimbo yatsopano n'kumveka ngati ya m'matepi a m'ma 1980. Mtengo wake ndi wa pa nyimbo imodzi, theka kulipiriratu. Bandi yathu inkafuna kamvekedwe ka pop wa ku South Africa wa zaka zimenezo, uja ankamutcha bubblegum: piyano ya magetsi yolira mwa belu, ng'oma ya snare yophulika n'kuduka mwadzidzidzi, gitala yoyera yokhala ndi chorus (kachipangizo kogwedeza mawu kuti amveke ngati magitala angapo), ndi bezi yodumpha. Nyimbo yachitsanzo tinawatumizira pa WhatsApp ndipo anayankha kuti zipangizo zonse ali nazo.

Nkhani yaikulu ndi ya jenereta, ndipo mpaka lero imandiwawa. Magetsi anazima tili mkati mojambula magitala ndi bezi. Mwini situdiyo anakaliza jenereta yaing'ono ya petulo, zija za m'malo ometera tsitsi, n'kulumikiza chilichonse pa extension imodzi imene mwendo wake wa earth unathyoka kalekale. Pomwepo m'mahedifoni munayamba kumveka phokoso long'ung'uza, pamwamba pake pali kulira kwina kokanda m'makutu. Woimba gitala anasiya kuimba n'kunena kuti pali vuto. Yankho la mwini wake linali lakuti, "Achimwene, inu imbani basi, zimenezo ndikazichotsa pa mixing." Mnyamata amene amakhala pa kompyuta anayesa kunena kuti tidikire magetsi, koma anauzidwa kuti akhale chete chifukwa kunja kunali kwaya yodikira nthawi yake.

Phokoso limenelo silichoka pa mixing, ndipo aliyense wotenga ndalama za anthu pa ntchito iyi ayenera kudziwa chifukwa chake. Magetsi athu ndi a 50 Hz (amagwedezeka ka 50 pa sekondi), ndipo gitala ya mapikapu (timaginito totola kulira kwa nsambo) a single-coil, yomwe ndiyo imapereka kamvekedwe koyera kameneka, imatola phokoso la magetsi mosavuta. Phokosolo silikhala pa 50 Hz pokha. Limabwerezeka pa 100, pa 150, pa 250 n'kumakwera mpaka kufika pamene pali mawu a gitala yeniyeniyo. Magetsi a pa waya amakhala pafupi ndi 50 Hz nthawi zonse, ndiye munthu akhoza kudula timizere topyapyala pa EQ, chida chochepetsera kapena kukwezera zigawo za mawu, n'kupulumutsako zina. Jenereta yaing'ono siikhazikika choncho: china chikangoyaka m'nyumbamo injini imatsika, kenako imakwera, ndipo phokoso limayenda nayo. Pamene mwadula si pamene phokoso lili mphindi yotsatira. Chinawonjezera vuto n'chakuti gitala inajambulidwa itadutsa kale mu compressor (yofananitsa mawu okwera ndi otsika) ndi mu chorus. Compressor imakweza phokoso paliponse pamene woimba wapumira, ndipo chorus imaligwedeza, ndiye linalowa m'nyimbo likuyenda uku ndi uku.

Ataona kuti kudula pang'ono sikukuthandiza, mwini situdiyo anakulitsa malo odulawo n'kuikaponso noise gate yolimba, chida chimene chimatseka mawu akangotsika. Mwa nyimbo zathu ziwiri, imodzi ili mu G. G wa pansi pa bezi, pa fret yachitatu ya nsambo yaikulu, ali pa 49 Hz, ndipo G wa pansi pa gitala ali pa 98 Hz. Amene wadula 50 ndi 100 mokulitsa wadula G yemweyo. Mu mix imene anatitumizira, bezi imamveka bwino pa C ndi pa D, koma ikabwerera pa G imalowa pansi ngati munthu waponda dzenje. Gitala nayo inatsala yowonda, ndipo noti iliyonse yaitali gate inkaidula isanathe kulira. Pa foni simungazindikire msanga, koma ikani pa masipika a ku ukwati mumve.

Njira yopewera zonsezi inali m'chipinda momwemo. Pa tebulo panali laputopu ya batire yabwino, ndipo interface yawo, kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta, imadya mphamvu ya USB. Akanazula charger, n'kuika mabatire a 9V m'mapedulo, gitala ikanajambulidwa popanda waya uliwonse wokhudzana ndi jenereta. DI box, kabokosi kolumikizirapo gitala kapena bezi, yokhala ndi batani la ground lift lochepetsa kung'ung'uza inaliponso, ili m'kabati. Chinanso, gitala ya mtundu wa Stratocaster mukaika switch pa malo achiwiri kapena achinayi, pamene mapikapu awiri amagwira limodzi, phokoso limachepa kwambiri ngati pikapu yapakati inakulungidwa motembenuza, ndipo pomwepo ndi pamene pamachokera kulira kuja kwa magitala a nthawi imeneyo. Titapempha kuti tijambulenso magitala, mwini situdiyo anati imeneyo ndi session ina, tilipirenso. Kulipira kawiri chifukwa cha extension yake yothyoka mwendo! Apa m'pamene tinasiyana mawu, ndipo kalankhulidwe kake sikanali ka munthu amene walandira ndalama zanu.

Palinso za kiyibodi ya Yamaha DX7 imene ili pa chithunzi chotsatsira malonda. Kiyibodiyo ilipodi, yeniyeni, mtundu umene unatuluka mu 1983, koma siigwira ntchito. Batire ya mkati imene imasunga mawu inatha, ndiye ukayatsa imangoonetsa zilembo zosokonekera. Ndi batire wamba ya CR2032, kungoti pa DX7 inawotchereredwa pa bolodi, ndipo wokonza mawailesi wodziwa ntchito akhoza kuisintha, kenako mawu n'kuwabwezeramo kuchokera pa kompyuta kudzera pa waya wa MIDI. Majaki ake achita dzimbiri, zomwe sizodabwitsa ndi chinyezi cha chiperoni kuno ngati chipangizo chikungokhala chosavundikira. Mwini wake sanatiuze zimenezi tisanalipire.

Komatu pa makiyibodi pomwepa ndi pamene mtima wanga unayamba kutsika, chifukwa cha mnyamata wa pa kompyuta uja. Ntchito amaidziwa. Anatsegula Dexed, plugin (pulogalamu ya pa kompyuta) yaulere imene imawerenga mawu a DX7, n'kulowetsamo bank yoyambirira ya mawu a ku fakitale. E.PIANO 1 ili pa nambala 11, ndipo ndi piyano ija imamveka m'nyimbo zosawerengeka za m'ma 1980. Woimba wathu atayamba kuimba, mawu ankatuluka akuthwa mopweteka. Mnyamatayo anati, "Ankolo, dikirani pang'ono, vuto si zala zanu." Anafotokoza kuti makiyi a DX7 yoyamba sankatumiza velocity (muyezo wa mphamvu imene wamenyera kiyi) yopitirira 100 kwenikweni, pamene makiyibodi a masiku ano amafika 127, ndiye mawu amene anakonzedwera makiyi akalewo amawala mopyola muyezo. Anatsekera velocity pa 100, piyano n'kukhala pansi nthawi yomweyo. Anaisiya mono, monga mmene DX7 yoyamba imatulutsira, kenako n'kuitambasula ndi chorus. Pa strings zofewa za kumbuyo anagwiritsa ntchito TAL-Chorus-LX, imene imatsanzira chorus ya ma Roland Juno, ndipo pansi pa bezi yathu anaikapo BASS 1 ya nambala 15, motsitsa kwambiri, kuti ingopereka kumenya kwa koyambirira kwa noti. Tikasinthanitsa nyimbo yachitsanzo ndi yathu, makiyibodi ankamveka a banja limodzi.

Ng'oma nazo anazigwira bwino. Anatenga kick ndi snare za LinnDrum, makina a 1982, hi-hat ndi kuwomba m'manja n'kutenga za Roland TR-707, ndipo anakana kuikamo 808, kick yolemera ndi yaitali ija ya masiku ano, ngakhale mwini situdiyo ankaifuna. Nyimbo ya chitsanzo inali pa liwiro la kugunda ka 112 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti kugunda kumodzi ndi pafupifupi 536 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Snare anaitumiza ku reverb yaikulu ya pafupifupi masekondi awiri, kumbuyo kwake n'kuika gate yotsegulidwa ndi snare yomweyo, yotseka pakadutsa 250 ms, kuti phokoso liphulike n'kuduka theka la kugunda lisanakwane. Mukaisiya yotsegula nthawi yaitali, reverb imagwera pa kick yotsatira nyimbo n'kuchita matope. Mukaifupikitsa kwambiri snare imangomveka youma. Delay ya gitala anaiika pa 402 ms, magawo atatu mwa anayi a kugunda kumodzi. Ng'oma za makina anazisiya zowongoka ndendende, chifukwa ndi mmene zinkamvekera, koma woimba ng'oma wathu anaseweretsa maseche ndi cowbell pamanja pamwamba pake, ndipo n'zimene zinapatsa nyimboyo moyo.

Chipinda chojambuliramo mawu n'chapakatikati. Makatoni a mazira amene akhomedwa m'makoma sathandiza kwenikweni, chimene chikugwira ntchito ndi matiresi awiri ndi mabulangete amene ali kumbuyo kwa woimba. Denga ndi la malata opanda siling'i yokwanira, ndiye mvula ikayamba ntchito yaima, komanso njinga zamoto za kabaza zimamveka ngati mwagwiritsa ntchito maiki ya condenser. Mnyamatayo anasankha Shure SM58, woimba ali pafupi nayo, ndipo anachita bwino. Woimba wamkulu anaimba korasi kawiri, mawu achiwiriwo n'kuikidwa pansi pang'ono pa oyamba, pamene othandizira atatu anaimirira mozungulira maiki imodzi, wa mawu amphamvu atabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Mu mix yoyamba mwini situdiyo anathira Auto-Tune, pulogalamu yowongola mawu a woimba, pa mawu onse. Auto-Tune inatuluka mu 1997, ndiye singapezeke m'nyimbo yofuna kumveka ngati ya 1986, ndipo imapha kusiyana kwakung'ono kwa mawu awiri kumene kumachititsa kuti korasi imveke yonenepa. Tinapempha kuti ichoke, inachoka.

Mastering yawo ya nthawi zonse, ntchito yomaliza yosalaza nyimbo, ndi yokankha limiter (chida chopanikiza mawu kuti nyimbo ikwezeke) mpaka nyimbo kukhala phokoso lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo snare imene anaivutikira ija imaphwanyika. Uzani mnyamatayo akupatseni mitundu iwiri, wina wokweza wa pa wailesi ndi m'minibasi, wina wosakankha. Wachiwiriwo, ataudutsitsa pang'ono mu plugin ya tepi n'kuchepetsa za pansi pa 40 Hz ndi za pamwamba pa 15 kHz, ndi umene unafanana ndi chitsanzo chathu.

Pamapeto pake mwini situdiyo anavomera kuti nyimbo ya mu G tiijambulenso magitala ndi bezi osalipira, magetsi alipo, gitala yolowa youma ndipo chorus n'kuikidwa pambuyo. Inatuluka bwino kwambiri, moti ndikanakhala kuti ndamva imeneyo yokha ndikanawapatsa nyenyezi zonse zisanu. Nyimbo inayo anakana, ndipo phokoso la jenereta likumvekabe pamene gitala yatsala yokha koyambirira. Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu, ndipo zitatuzo ndi za mnyamata wa pa kompyuta. Ngati mukupita, gwirizanani pa WhatsApp musanalipire kuti magetsi akazima simujambula gitala kapena bezi pa jenereta, kuti kujambulanso chifukwa cha vuto la zipangizo zawo n'kwaulere, ndiponso kuti ma track onse osasakaniza adzakupatsani pa flash. Ife atiuza kuti ma track amenewo ali ndi mtengo wake wapadera, ndipo sitinawatengebe.