Mutu wa gitala: atatu-atatu, sikisi mbali imodzi, kapena wobowola pakati?

Anzanga opala magitala, ambirife timathamangira pensulo kujambula kamutu kokongola kenako ndi pomwe timayamba kusaka poika makiyi ochunira mawaya, ndiye gitala ikatha muone waya wa G ukungokana kuchunika. Yambani ndi njira imene waya adutse kuchoka pa nati (kachidutswa ka timipata kokhazikapo mawaya pomwe khosi likuthera) kukafika pa kiyi yake, shepu ibwere pambuyo. Mukasankha kakhalidwe ka makiyi, theka la mutuwo ladzijambula lokha basi.

Tiyambe ndi atatu uku atatu uku, uja wa Gibson ndi Martin. Ndi wamfupi, makiyi amatalikirana moti zala zimalowa bwinobwino, komanso pakati pamatsala malo oika dzina lanu. Makiyi ake ndi aja amapezeka msanga, ngakhale ochotsa pa bokosi gitala yakufa amalowa. Vuto lake lili pa nati. Mutu ukakhala wotambalala kumtunda ngati wa Les Paul ya Gibson, mawaya awiri apakati aja, D ndi G, amakhota kwambiri akangodutsa pa nati kuti akapeze makiyi akumapeto, ndiye amakakamira mumpata muja, mukupotokola kiyi palibe chikusintha kenako mungomva "ting" waya wadumpha kupyola pomwe mumafuna. Mankhwala ake ndi osavuta, mutu uzichepa ukamakwera. Aonereni a kampani ya PRS, kapena a Seagull aku Canada, kamutu kawo ena amakaseka kuti nkakang'ono koma mawaya amayenda pafupifupi molunjika. Ngakhale Leo Fender, woyambitsa kampani ya Fender, gitala yake yoyeserera ya mu 1949 inali ya atatu-atatu, kamutu kowonda.

Tsono nkhani yaikulu pa mutu umenewu ndi kupendekeka kwake, ndipo apa ndiye pali njira ziwiri zolimbana. Gibson amasema khosi ndi mutu kuchokera ku thabwa limodzi la mahogany, mutu nkupendekera kumbuyo madigiri 17. Ganizani mizere ya thabwalo ikuyenda molunjika ndi khosi, pamene mutu wakhota mizere ija yadukaduka yakhala yaifupi, ndipo pomwepo mpamenenso anakumba dzenje lomangira truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi choliwongolera), thabwa latsala lochepa zedi. Gitala ikangogwa chagada kuchoka pa sitandi, thyo! A Gibson omwe anaziona, chapakati pa ma 1960 anatsitsa kufika madigiri 14, cha mu 1970 nkuwonjezera kanundu kumbuyo kwa nati kolimbitsira, koma ogula ankafunabe za ma 1950 zomwe zija ndiye anadzabwereranso. Njira inayo ndi scarf joint. Mumadula thabwa la khosi mopendekeka, madigiri 13 mpaka 15, chidutswa chija nkuchitembenuza nkumata ndi guluu, mizere ikuyenda motsatira mutu wonse. Anthu ena amati zimenezo ndi za magitala otchipa, koma opanga magitala a classical akhala akulumikiza mitu chonchi kuyambira kalekale. Chinanso, thabwa silionongeka. Mbawa yathuyi, yomwe kunja amaigulitsa ngati African mahogany nkumapangiranso makosi, kuti mupeze chipika chonenepa chouma bwino chosemamo khosi ndi mutu pamodzi ndi ndalama, pomwe ndi scarf thabwa wamba likukwana. Kungoti malo omatawo akhale osalala ngati galasi, pulena yakuthwa, makilampu okwanira, apo ayi mudzalira.

Sikisi mbali imodzi ndiye ya Fender, Telecaster ndi Stratocaster ya mu 1954 ija. Sanayambe ndi iwo ayi, Stauffer wa ku Vienna ankapanga mitu yotere m'zaka za m'ma 1800, magitala oyambirira a C. F. Martin anali choncho, ndipo Paul Bigsby anapangira woimba Merle Travis ina mu 1948. Chimene Leo anachita ndi kuufewetsa kuti fakitale iziyenda: thabwa limodzi la maple pafupifupi inchi imodzi, osapendeketsa, amangopala kutsogolo kuti mutu utsike pang'ono pansi pa nati. Kwa munthu amene ali ndi macheka, chezulo ndi sandipepa basi, iyi ndiye njira yosavuta kuposa zonse, palibe chomata, ndipo mutu wotere kuti uthyoke ndiye kuti galimoto yaupondapo. Mawaya onse amayenda molunjika, kuchuna sikuvuta. Koma poti mutu ndi wafulati, mawaya ang'ono awiri aja, B ndi E, makiyi ake ali kutali ndiye sakanikiza mokwanira pa nati, amatha kulira mwaphokoso kapena kutuluka, nchifukwa chake pamakhala kachitsulo kaja string tree kowapanira pansi, komwenso nkoti waya amakhulapo. Alipo makiyi a mitengo (tizitsulo tokulungapo waya) yotalika mosiyana othetsa zimenezi koma kuwapeza mpaka kuitanitsa. Makiyi amathithikana, pafupifupi mamilimita 24 kuchoka pa bowo kufika pa linzake, ndiye aja a makutu aakulu amagundana. Ndipo samalani pogula, seti ya atatu kumanzere atatu kumanja silowa apa, onse sikisi akhale a mbali imodzi.

Chimene chimandigwetsa ulesi pa sikisi mbali imodzi nchakuti kupanga shepu yanuyanu nkovuta heve. Mbali ya makiyi ndi mzere wopendekeka womwe mawaya alamula kale, simungausinthe, mwatsala ndi mbali yapansi ndi nsonga basi, ndiye mujambule mufufute mujambulenso, anthu akangoiona akuti "iyi ndi Fender eti?" ngati mwana wotengera nkhope ya bambo ake. Music Man anazemba poika anayi kumtunda awiri kumunsi, mutu unafupika, mawaya akuyendabe molunjika, ndipo ukaiona patali umadziwiratu kuti ndi yawo. Kutembenuza kuti makiyi aloze pansi ngati mmene inkaonekera Stratocaster ya Jimi Hendrix kumakongola pa chithunzi, pochuna dzanja limapindika moipa.

Wobowola pakati, wa mipata iwiri yaitali uja, ndi wa classical ndi ma acoustic ena akale. Ndi wopepuka, ndipo poti waya amalowa mkati mwa mpata amakanikiza bwino pa nati ngakhale mutu usapendekeke kwambiri. Koma ntchito ilipo. Mabowo amaboola cham'mbali, ndipo makiyi a classical amabwera atatu pa chitsulo chimodzi motalikirana mamilimita 35, mukaphonya pang'ono pokha kiyi imalimba osazungulira. Popanda jigi yolondolera dilu musayerekeze kuboola ndi dilu ya m'manja. Kusintha mawaya achitsulo pa mutu wotere kumabaya zala. Chosangalatsa nchakuti pamtunduwu aliyense amasiya thupi la mutu chimodzimodzi nkungosema kansonga kakumtunda mwa iye yekha, kuyambira nthawi ya Antonio de Torres ku Spain, moti odziwa amazindikira wopanga poona kansongako.

Yopanda mutu ngati ya Steinberger tiisiye, zitsulo zake nzodula ndipo si za munthu woyamba.

Wina afunsa kuti bwanji osangokopera wa Gibson womwewo. Gitala yoimbira kunyumba palibe akulondoleni, koma mukayamba kugulitsa ndi kuika zithunzi pa intaneti dziwani kuti makampani amauteteza mutu kuposa thupi. Mu 1977 Gibson anasumira kampani yomwe inkagulitsa Ibanez ku America pa nkhani ya mutu womwewu, anagwirizana kunja kwa khoti. Fender mu 2009 anakanizidwa ku America kulembetsa mashepu a matupi a Stratocaster ndi Telecaster ngati chizindikiro chawo, koma mutu ndi wawo ndithu. Komanso mwavutika kupala gitala yonse ndi manja anu, nkuikapo nkhope ya eni ake?

Ine pa acoustic ndingatenge atatu-atatu wochepa kumtunda, scarf ya madigiri 14, luso lonse nkulithera pa nsonga ndi m'chiuno mwa mutu pomwe ukulumikizana ndi khosi. Pa ya magetsi, ngati zida zili zoperewera, wafulati. Mulimonsemo gulani makiyi kaye musanadule kanthu, muwayeze, ambiri amakono amafuna bowo la mamilimita 10 ndi mutu wonenepa pafupifupi 15, akale mabowo ake ndi ang'onoko. Dulani shepuyo pa pulayiwudi, khomani timisomali pomwe padzakhale mitengo ya makiyi, kokani ulusi kuchoka pa mipata ya nati muone ngati ulusi wina ukukhudza msomali wa mnzake. Tembenuzani muyale makiyi enieniwo kumbuyo, chifukwa mutu ukachepa kwambiri kumtunda awiri akumapeto aja amagundana matupi ndipo tizikuluwu timasowa pomanga. Nsonga zosongoka muzibulungiza pang'ono, mbawa imabenthuka ikangogunda chitseko.