Mapulagi anayi okha, koma ndinatumiza katatu

Amene tili kunja kuno tikudziwa kuti foni yochokera kwathu ikalira m'mamawa, kawirikawiri si moni chabe. Tsiku limenelo anali alamu anga, amene amayendetsa pikapu yathu, Toyota Hilux ya petulo, injini ya 2TR-FE ya malita 2.7. Akuti galimoto ikumisa, pachitunda ikuchita ngati ikutsokomola, mafuta ikumwa ngati thanki yabooka. Makaniko anati vuto ndi mapulagi. Anali atagulapo ena otchipa koma sanathe ndi miyezi itatu yomwe. "Alamu, titumizireni enieni," anatero.

Ndinaona ngati nkhani yaing'ono. Mapulagi anayi amakwana m'thumba la jekete. Koma ndinatumiza katatu, njira zitatu zosiyana, ndiye ndati ndikuuzeni mmene iliyonse inandiyendera.

Ulendo woyamba ndinapita ku kampani ija yotumiza katundu pandege, yopereka nambala yolondolera phukusi pafoni. Pa ntchito yawo sindingawanene. Anayeza kabokosi, anandilembetsa fomu yonena zimene zili m'kati ndi mtengo wake, ndipo sabata isanathe alamu anali atasainira. Ndalama yotumizira inaposa mtengo wa mapulagiwo, ndipo kolandirira kunalinso msonkho woti alipire, zimene ndinaiwala kuwachenjeza. Koma cholakwa chachikulu chinali changa. Ndinagula mapulagi a kampani ya Denso, nambala K20R-U11, chifukwa ndi zimene ndinamva pafoni, pamene makaniko ankanena K20HR-U11. Chilembo chimodzi chokha, H, chimene chinatayika m'mawu. H ameneyo akutanthauza kuti mazinga a pulagi ndi aatali, mamilimita 26.5, pamene inayo ndi 19. Pulagi yaifupi ikalowa m'bowo lalitali, moto umathetheka uli kubisala m'kati ndipo mazinga otsalawo amadzaza mwaye. Yaitali ikalowa pofunika yaifupi ndiye zoopsa, ikhoza kugundana ndi pistoni. Kampani inafikitsa msangamsanga chinthu chosagwira ntchito, ndipo kubweza kukanadya ndalama zina.

Apa m'pamene ndinakhala pansi kuphunzira manambala aja. Musamafunse kuti "pulagi yabwino ya pikapu ndi iti", funsani kuti injini ndi iti. Mapikapu ambiri ndi a dizilo, ndipo injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto, ili ndi ena otenthetsa polizira basi. Hilux yomweyo ya injini ya dizilo ya 2KD-FTV mutaitumizira mapulagi a petulo, mwangotaya ndalama. Uzani wa kwanuko ajambule pulagi yakale pomwe pali zilembo, ajambulenso nambala ya chasisi, atumize pa WhatsApp. Zongouzana pakamwa ayi.

M'nambala ya pulagi mulinso za kutentha kwake. Kwa makampani a NGK ndi Denso, nambala ikakwera ndiye kuti pulagi imataya kutentha msanga, ndi "yozizira". Kwa Bosch ndi Champion n'zosemphana, nambala yokwera ndi yotentha. Choncho 6 wa NGK si 6 wa Bosch, amafanana ndi 20 wa Denso. Yozizira kwambiri imada ndi mwaye, yotentha kwambiri imayatsa mafuta nthawi isanakwane n'kuwononga injini. Nanga 11 wa kumapeto uja? Ndi mpata wothethekera moto, mamilimita 1.1.

Ulendo wachiwiri ndinagula oyenera, koma thumba linali litapepuka, ndiye ndinapereka kwa matransipota aja onyamula katundu wa anthu pamsewu. Kutchipa ndiye n'kotchipa ndithu, ndipo bamboyo anali waulemu, anandilembera dzina pa selotepi n'kundigwira chanza. Risiti panalibe. Patapita masabata atatu foni yake inayamba kumangolira osayankhidwa, kenako katundu anafika. Alamu ananditumizira chithunzi: kabokosi kataphwanyika ngati kapondedwa, timapaipi ta katoni toteteza nsonga titavuka. Mapulagi atatu anali bwino. Yachinayi inkaoneka yabwinonso mpaka makaniko ataizunguliza padzuwa n'kuona kamng'alu konga tsitsi pa mbali yoyera ija. Mng'alu wotere umathawitsa moto m'mbali, galimoto n'kumamisabe ngati simunasinthe kanthu. Sindinena kuti matransipota onse ndi otero. Mabulangete, zovala, ngakhale matayala, ndimawapatsabe. Koma kanthu kakang'ono kosweka kamathera pansi pa firiji ya munthu wina, ndipo ukadandaula ulibe pepala losonyeza. Nanenso ndinalakwa kupereka kabokosi kopanda chokutira.

Wina anandiuza kuti bwanji osangotumiza ndalama akagule okha. Nzeru imeneyo ndi yabwino ngati kwanuko kuli wogulitsa wodalirika. Vuto ndi mapulagi achinyengo, amene adzaza paliponse, ngakhale kuno pa intaneti. Bokosi limakhala lokongola, dzina lomwelo, koma zilembo zosindikizidwa mopendama, kawashala kogwedera, nsonga yonenepa pamene yeniyeni ya iridiyamu, chitsulo cholimba kwambiri, imakhala yopyapyala ngati singano, mamilimita 0.6 kwa NGK Iridium IX ndi 0.4 kwa Denso Iridium Power. Mukaona mtengo wotsika modabwitsa, chokanipo.

Ulendo wachitatu ndinasintha maganizo pa mtundu womwe. Mapulagi wamba, amene timati a kopa, ndi abwino ndipo ndi otchipa, koma amafuna kusintha pa makilomita 20,000 kapena 30,000. Kwa munthu wogula pafupi, palibe vuto. Kwa ife otumiza kuchokera kutali, chodula si pulagi, ndi ulendo wake. Ndinagula a iridiyamu okhalitsa, Denso SK20HR11, amene amatha kufika cha m'ma 100,000, kwa wogulitsa wovomerezeka, risiti n'kusunga. Ndinakulunga aliyense payekha, ndinawaika m'kabokosi kolimba, n'kutumiza pa positi yolembetsa, yokhala ndi nambala yolondolera. Inachedwa, pafupifupi mwezi, ndipo masiku ena nambalayo inkangoonetsa malo amodzimodzi mpaka mtima kumadumpha. Koma anafika osakhudzidwa, pa mtengo wapakati. Ngati galimoto ikuyendabe ndipo mukungokonzekeratu, njira yanga ndi imeneyi. Ngati yaima ndipo banja likudalira yomweyo, lumani mano mulipire ya pandege.

M'kabokosimo ndinaikamo kapepala ka makaniko: asakhudze mpata wa nsonga ndi chitsulo chifukwa iridiyamu imathyoka, amange injini itazizira, ayambe kulowetsa ndi dzanja asanagwire sipanala, ndipo asamange mwamphamvu chifukwa mutu wa injiniyo ndi wa aluminiyamu. Alamu akuti makaniko anaseka powerenga, nati mlamu wanuyo wayamba liti ntchito yathu. Mapulagi aafupi aja akadali m'dirowa mwawo, akudikira wa galimoto ina amene angawafune.