Chiwongolero chopindikira kumbuyo: mmene chandichitira kuyambira dzinja mpaka chilimwe

Dzanzi la m'zala linatha, khosi linasiya kuuma, koma njinga ikulemererapo mphepo ikamaomba chakumaso. Ndi zimene ndapeza chisinthireni chiwongolero ndi stem (kachitsulo kolumikiza chiwongolero ku foloko) pa njinga yanga. Ndinadikira dala kuti ndidutse nazo dzinja, nyengo yozizira ndi chilimwe ndisanalembe, chifukwa chitsulo chatsopano chilichonse chimakoma sabata yoyamba, mavuto ake amadzaoneka thupi litazolowera.

Njingayo ndi mountain bike (njinga yam'mapiri) yakale ya pakaunjika, felemu yachitsulo, matayala a mainchesi 26. Ndimapita nayo kuntchito kuchokera ku Area 25 kulowa m'tauni muno mu Lilongwe, ndipo Loweruka ndimatulukira msewu wa ku Bunda mpaka ku Mitundu, nthawi zina n'kukhotera m'misewu yafumbi. Inabwera ndi chiwongolero chowongoka, chotalika mamilimita 580, pa stem yogona ya mamilimita 110. Umu ndi mmene ankapangira njinga zoterezi m'zaka za m'ma 1990: wokwera aweramire kutsogolo, manja apanikize chitsulo. Ndikapalasa ola limodzi, kachala kakang'ono ndi kotsatana nako tinkachita dzanzi moti pofika kuntchito kumasula zingwe za nsapato kunkavuta.

Dzanzi limeneli lili ndi chifukwa chake, ndipo chala chimene lagwira chimakuuzani pamene mukupanikiza. Mtsempha wotchedwa ulnar umadutsa m'mphepete mwa chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono, ndipo ukapanikizika ndi tizala tiwiri takumapeto timene timafa. Wina wotchedwa median umadutsa pakati, polumikizirana dzanja ndi mkono. Umenewo ukapanikizika, dzanzi limagwira chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. Langa linali la ulnar. Chiwongolero chowongoka chimakakamiza dzanja kukhotera kunja pamfundo, kenako thupi lonse n'kudzatsamira pamalo omwewo amene mtsempha wapindika kale.

Ndinayamba ndi zosafuna ndalama. Stem ya mtundu umene uli pa njinga yanga, yomangirira kunja kwa paipi ya foloko, imatheka kuitembenuza kuti iloze m'mwamba, ndipo timaringi tokwezera timene tinali pamwamba pake ndinatiika pansi. Chiwongolero chinakwera masentimita angapo, khosi linapumako, koma zala zinali chimodzimodzi.

Kenako ndinayesa stem yokhala ndi mfundo pakati, imene umaikweza kapena kuitsitsa ndi bawuti imodzi. Ntchito yake yeniyeni ndi kukuthandizani kupeza msinkhu umene ukukuyenerani, ndipo pa zimenezo inandithandiza. Koma misewu yafumbi siigwirizana nayo. Mvula isanathe inali itayamba kulira pamfundo paja ndikangoimirira pa mapedulo, ndipo ngakhale ndimange bwanji, pakapita masiku phokoso linkabwerera. Ndinayeza pamene inandifikitsa manja, n'kuichotsa.

Pamene ndinakhalitsa, ndipo pamene anthu ambiri amaimira, ndi pa chiwongolero chotambalala cha njinga zam'mapiri za masiku ano, mamilimita 720, chokwera pang'ono kumapeto, pa stem yaifupi ya mamilimita 70. Pamsewu wamabampu n'chabwino kwambiri: njinga imamvera, tayala lakutsogolo likagunda mwala manja sagwedezeka. M'tauni ndiye ayi. Kudutsa pakati pa minibasi yoima ndi ngalande ndi manja otambasuka chotero kumafuna mtima, ndipo pobwerera kunyumba mapewa ankawawa pakati pa msana. Ndinachidula mpaka 660, mapewa anapeza bwino. Dzanzi linachepa, silinathe, chifukwa zowongolero zamtunduwu zimapindikira kumbuyo madigiri 8 kapena 9 okha, ndipo dzanja limakhalabe lokhota.

Yankho ndinkaliona tsiku lililonse pasiteji ya akabaza. Taonani mmene wakabaza wagwirira njinga yake: zigongono zili pafupi ndi nthiti, zikhatho zikuyang'anizana, dzanja lili mmene limakhalira mukamapereka moni. Amatha tsiku lonse pachishalo, atanyamula munthu kapena matumba a makala, ndipo zogwirira za njinga yake zaloza kumbuyo, osati m'mbali. Lendeweretsani manja anu pansi mutaimirira, kenako muwakweze kutsogolo osawapotoza: zikhatho sizigona chafufumimba, zimapendekera mkati. Chiwongolero chopindikira kumbuyo chimangotsatira mmene mkono unapangidwira.

Cha pa njinga ya kabaza chenichenicho sichikanalowa pa yanga, poti chambiri chimabwera chomangidwa pamodzi ndi mabuleki a ndodo zachitsulo. Ndinapeza kwa okonza njinga china cha maonekedwe omwewo, chimene ku Britain amachitcha North Road, chochotsedwa pa njinga yam'tauni. Tsiku loyamba lomwelo dzanzi silinabwere. Koma miyezi itapita ndinaona mtengo wake. Manja anabwerera kumbuyo kwambiri moti ndinkakhala chilili, thupi lonse lili pachishalo, ndipo chishalo chopyapyala cha mountain bike chinayamba kundipweteka pamabampu. Pokwera chitunda tayala lakutsogolo linkapepuka n'kumayendayenda. Pokhota mothina, mapeto a chiwongolero ankagunda bondo. Ndiye kunabwera June ndi mphepo yake ya mwera, ulendo wa ku Mitundu uli woyang'anana nayo, chifuwa chili pamtetete. Ndinkafika nditatopa kuposa kale ngakhale manja anali bwino.

Chimene chili pa njinga panopa chili pakati pa ziwirizi. Chimapindikira kumbuyo madigiri pafupifupi 35, m'lifupi mwake ndi mamilimita 640, ndipo ndinachiika pa stem ya mamilimita 100 yokwera madigiri 17. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: chiwongolero chikapindikira kumbuyo, stem iyenera kutalika, osati kufupika, chifukwa kupindikako kwabweza kale manja masentimita angapo. Mukaphatikiza chopindika ndi stem yaifupi, mudzakhala mothinana ndipo njinga idzayamba kugwedezeka pamtsetse. Maganizo a kupindika kwapakatikati si achilendo. Jeff Jones wa ku Oregon, ku America, anatchuka ndi chiwongolero chake cha H-Bar cha madigiri 45, ndipo cha Moloko cha kampani ya Surly chili ndi madigiri 34. Zimenezo n'zodula ndipo n'zoitanitsa kunja. Changa chilibe dzina, ndi cha aluminiyamu, chinachokera pa mulu wa zitsulo za njinga zakale kumsika, ndipo dzanja silifunsa dzina la kampani.

Ndachiyendera kumapeto kwa nyengo yozizira ndi chilimwe chino. Pa tala ndimagwira kumapeto, msana utawerama pang'ono chabe, maso akuona magalimoto popanda kukweza khosi. Mphepo ikalimba kapena chitunda chikakula ndimasendeza manja kutsogolo, pafupi ndi popindikira, n'kuweramako. Malo awiri ogwira amenewa ndi amene ndimawakonda koposa, chifukwa kusinthasintha kagwiridwe kumapumitsa chikhatho. Pamsewu wamchenga ndi pamtsetse wamiyala, chija chotambalala chinali bwino kuposa ichi, sindibisa. Koma maulendo anga ambiri ndi a pa tala ndi pa fumbi wamba, ndipo kumeneko sindinamvenso dzanzi.

Musanagule kalikonse, yezani. Pakati pa chiwongolero, pamene stem imagwira, pamakhala mamilimita 25.4 pa njinga zakale ndi zam'tauni, ndipo 31.8 pa zambiri za masiku ano. Kuti cha 25.4 chilowe mu stem ya 31.8 pamafunika kachitsulo kotsekera mpata kopangidwira ntchitoyo, kochindikala mamilimita 3.2. Zidutswa za chitini kapena za chubu zimene ena amakulungapo zimagwira pamalo okonzera njinga, n'kudzaterereka tsiku limene mwagwira buleki mwadzidzidzi. Pogwira manja, zowongolero zowongoka ndi zopindikira kumbuyo kawirikawiri ndi mamilimita 22.2, choncho zogwirira mabuleki ndi zosinthira magiya zanu zidzalowa. Chopindikira pansi cha njinga zampikisano ndi 23.8, ndiye kusamukira kumeneko kumatanthauza kugula zonse zatsopano; n'chifukwa chake sindinachiyese. Kumbukiraninso mawaya. Nditakweza chiwongolero, waya wa buleki yakutsogolo unafupika, ndipo ndinasintha onse pamodzi ndi zikopa zake.

Ngati njinga yanu ili ndi stem yakale yolowa m'kati mwa paipi ya foloko, yomangidwa ndi bawuti imodzi yaitali pamwamba, kukweza n'kosavuta, koma pachitsulocho pali mzere wolembedwa umene suyenera kuonekera kunja. Ndimaona njinga zambiri mumsewu zitakwezedwa kupitirira mzerewo, ndipo zimandidetsa nkhawa, chifukwa chotsala m'kati chimakhala chochepa ndipo chikhoza kuthyoka munthu ali pa liwiro. Pa stem yomangirira kunja, bawuti ya pamwamba si yogwira chiwongolero. Ntchito yake ndi kuthina mabering'i okha. Mumayamba mwamasula za m'mbali, n'kumanga ya pamwamba mpaka foloko itasiya kugogoda mukagwira buleki n'kukankha njinga, kenako n'kumanga za m'mbali. Stem zambiri zimalembedwa 5 Nm kapena 6 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira bawuti, imene ndi yochepa ndithu, ya dzanja limodzi pa Allen key yaifupi.

Chishalo nachonso chili m'nkhaniyi. Chikaloza mphuno pansi, thupi limatsetserekera kutsogolo ndipo manja ndi amene amalibweza ulendo wonse. Ndinachiwongola kuti chigone molingana, n'kuchibweza kumbuyo pang'ono, ndipo kulemera kwa pazikhatho kunachepa nthawi yomweyo. Popeza tsopano ndimakhala mowongokerapo, ndinaikanso chishalo chotambalala pang'ono kumbuyo. Zogwirira za labala zopyapyala zinatha ndi thukuta komanso dzuwa la October, zinayamba kumata m'manja. Ndinaika zokhala ndi phiko lotsamirapo chikhatho, zomangidwa ndi kabawuti kumapeto kuti zisazungulire mvula ikagwa. Phikolo liyenera kupendekera motsatira mkono, apo ayi limadzakankha dzanja m'mwamba n'kuyambitsa ululu wina.

Mabawuti a stem ndimawayesa kumayambiriro kwa mwezi, ndipo chimangireni sanamasuke. Mitu yake inayamba dzimbiri, ndiye ndapakamo girisi mvula isanayambe. Chiwongolero chotambalala chija ndinachipereka kwa mphwanga amene amapalasa m'mapiri a ku Dedza, kumene chikugwira ntchito yake yeniyeni.