Miyezi khumi ndi bokosi la Starter Set: chuma chake chili kuseri kwa pepala

Bokosi la Dungeons & Dragons Starter Set, lija linatuluka mu 2014, latha miyezi khumi lili m'nyumba mwanga. Anandibweretsera ndi mlamu wanga pochokera ku Johannesburg, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikukumana Loweruka, kulumphitsa sabata imodzi. Tilipo asanu ndi mmodzi: osewera asanu ndi ineyo woyendetsa masewera, amene amamutcha DM. Titangosewera kawiri ndinkauza aliyense kuti bokosili ndi labwino kwa oyamba kumene chifukwa malamulo ake ndi ochepa. Mawuwo sindikuwabweza, koma lero ndikuona kuti ndinayamikira chigoba, mtedza ndisanaulawe.

Kwa amene simunaonepo masewerawa: anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974, ndipo bokosili ndi la malamulo a mtundu wachisanu. DM amafotokoza malo ndi anthu ake, wosewera aliyense amanena zomwe mtengambali wake akuchita, ndipo pomwe pali chikayiko amaponya dayisi ya mbali 20. Zikufanana ndi nthano za madzulo, kungoti omvera sathera pa "tili tonse". Iwowo ndiwo amasankha njira yomwe kalulu alowere.

M'bokosimo muli kabuku ka malamulo ka masamba 32, buku la ulendo la masamba 64 lotchedwa Lost Mine of Phandelver, mapepala asanu a atengambali okonzeratu, ndi madayisi asanu ndi imodzi. Mulibe mapu oyala patebulo ngakhale tizidole. Ife timajambula pa pepala la masamu, adani n'kukhala zitsekerero za mabotolo. Madayisi akadali bwinobwino, kungoti kupatsirana dayisi imodzi anthu asanu ndi mmodzi kumachedwetsa, choncho mwezi wachiwiri tinagula ena. Mabuku awiriwo ndi a chikuto chofewa, ndipo la ulendolo ndinalikutira ndi pulasitiki ngati buku la kusukulu. Za katundu n'zomwezo. Ngati mukufuna kudzasewera ulendowu osati kuuyendetsa, lekezani pano, chifukwa ndiulula zambiri.

Nkhani imayamba bwino. Dwarf wina (mtundu wa anthu aafupi ojintcha a m'nthanozi) dzina lake Gundren Rockseeker walemba osewera ganyu yoperekeza ngolo kuchoka ku Neverwinter kupita ku kamudzi ka Phandalin, aliyense kuti alandire ndalama zagolide 10. Panjira apeza akavalo awiri akufa, ndipo magoblin anayi, tizilombo tankhanza tooneka ngati anthu, abisala m'tchire. Papepala goblin ndi kanthu kochepa, HP yake, nambala yosonyeza mabala omwe angapirire asanagwe, ndi 7. Koma muvi wake umachotsa 1d6+2 (dayisi imodzi ya mbali 6, kuwonjezerapo 2), pomwe wamatsenga wathu anali ndi HP 8 yokha. Mivi iwiri inamulasa asanalankhule n'komwe, n'kugwa. Amene ankamusewera ndi mnzanga wa kuntchito, munthu amene ndinachita kumunyengerera kuti abwere, ndipo anangokhala chete mphindi makumi awiri akuonerera anzake.

Tsiku lomwelo, m'phanga la magoblin a fuko la Cragmaw, ndinachita chinthu chomwe ndakhala ndikuchiganizira miyezi yonseyi. Klarg, bugbear (chigoblin chachikulu) wolamulira phangalo, amamenya 2d8+2. Ndinkaponya madayisi kuseri kwa chivundikiro cha bokosi, ndipo inagwa 20, kutanthauza kuti madayisi a bala awirikizidwe. Nditawerengera, ndinaona kuti tambwali, mtengambali wa mchemwali wanga, afa pompo, popanda mwayi woponya dayisi zopulumukira imfa, pakuti lamulo limati HP ikatha, ndipo bala lotsala likafika pa HP yonse ya munthu, wapita. Ndinatchula nambala yocheperapo. Aliyense anapuma, masewera n'kupitirira. Koma tikutsuka makapu mlamu wanga anandifunsa mwakachetechete: "Alamu, inagwadi 9 ija?" Ndinamuuza zoona. Sanakwiye, anangoti, "Ndiye tikapambana tizidziwa bwanji kuti tapambana ndife?"

Funso limeneli limazunguza ma DM ambiri, ndipo ena abwino kwambiri amabisa madayisi popanda vuto. Ine sindingathenso. Kuyambira Loweruka lachitatu ndimaponya poyera, pakati pa tebulo. Chomwe chinandilimbitsa mtima chinali m'buku lomwelo, kungoti ndinali nditachiwerenga mothamanga: limati magoblin akapambana pa msewu paja, asaphe osewera, angowasiya atakomoka n'kuwalanda katundu. Choncho chifundo cha DM chili ndi malo ake, koma malowo si pa nambala ya dayisi. Ali pa zomwe mdani akufuna. Goblin akufuna katundu, chigawenga chikufuna dipo, nyama ikufuna kuthamangitsa olowa m'malo ake. Wogonja angathe kudzuka atamangidwa, atabedwa, ali ndi ngongole, nkhani n'kukoma kuposa akanapambana.

Tsopano za kuseri kwa mapepala aja. Kutsogolo kuli manambala, ndipo ndi komwe maso a aliyense amathamangira. Kuseri kuli mbiri ya munthuyo ndi cholinga chake, ndipo mbiri iliyonse anailumikiza ku malo ena a ulendowu. Wansembe ndi msuweni wa Gundren. Wankhondo mmodzi kwawo ndi ku Thundertree, mudzi umene unasanduka bwinja, ndipo akufuna kuthamangitsako chinjoka. Wamatsenga akufuna kuyeretsa guwa la mulungu wake Oghma ku Cragmaw Castle. Tambwali anali m'gulu la achifwamba la Redbrands, mtsogoleri wawo Glasstaff n'kulamula kuti aphedwe, ndipo azakhali ake, Qelline Alderleaf, ali ndi munda ku Phandalin konko.

Sindidzaiwala tsiku lomwe anafika m'mudzimo. Ena anathamangira kusitolo ya Barthen kukalandira malipiro. Mchemwali wanga, amene masabata onse oyamba ankangoti "ndikubaya" kapena "ndikubisala", anati mtengambali wake sadzera msewu waukulu, azungulira kuseri kwa minda kuti achifwamba asamuone. Atafika pakhomo anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Odi azakhali, ndine. Musayatse nyale." Patebulo panangoti zii. Ine ndinayankha ngati mayi amene anamva kuti mwana wa mchimwene wake anafa, ndipo tinatha theka la ola popanda kukhudza dayisi. Kuyambira pamenepo ma Redbrands sanalinso zitsekerero za mabotolo. Anali anthu amene angawotche nyumba ya azakhali. Pamene kamnyamata ka Qelline, Carp, kanawaonetsa njira yobisika yolowera pansi pa Tresendar Manor, pomwe achifwambawo amabisala, mkangano unabuka pakati pa osewera wakuti kodi n'koyenera kulowetsa mwana m'zoterezi. Palibe lamulo m'kabuku kaja lomwe likanabala mkangano umenewo. Unabadwa ndi mizere ingapo ya kuseri kwa pepala.

Pali mawu amodzi omwe tinachita kukambirana. Wizard sitimumasulira kuti mfiti. Kwathu kuno mawu amenewo si oseweretsa, alipo agogo amene anathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha dzina limenelo. Timati wamatsenga, ndipo mayi anga atamva tikusewera pakhonde ndinawafotokozera kuti ndi nthano ya madayisi, palibe chimene timaitana. Anakhala nafe pang'ono, n'kufunsa ngati mwana uja Carp wabwerera kwa amake.

Gawo lachitatu la ulendowu ndi lomwe linandivuta kwambiri. Osewera amamasulidwa kuti apite komwe afuna: kwa mzukwa Agatha, ku Old Owl Well, ku Thundertree. Ufuluwo ndi wokoma, koma mdani wamkulu, Nezznar amene amadzitcha Black Spider, samveka mokwanira. Pali kalata yokhala ndi chizindikiro cha kangaude m'chipinda cha Glasstaff, koma kwa anthu okumana kawiri pamwezi, pofika mwezi wachisanu anali ataiwala. Ndinayamba kumuika m'kamwa mwa anthu: wogulitsa mowa amene anatsitsa mawu pomutchula, goblin wogwidwa amene ankaopa kangaude kuposa lupanga. Ndikanayamba zimenezi tsiku loyamba. Amene mukukonzekera kuyendetsa ulendowu, werengani gawo lomaliza la Wave Echo Cave, mgodi wotayika womwe ulendowu ukufunafuna, musanayambe loyamba, kuti mudziwe munthu amene mukumubisa.

Ku Thundertree kuli Venomfang, chinjoka chobiriwira chaching'ono. "Chaching'ono" chisakupusitseni: HP yake ndi 136, ndipo mpweya wake wa poizoni umachotsa 12d6, pafupifupi 42, pomwe anthu a levulo yachitatu (levulo ndi msinkhu wa mphamvu za mtengambali) ambiri safika ngakhale 30. Bukulo limati chikatsala ndi theka la HP chimathawa, komabe mpweya umodzi ungagwetse gulu lonse. Mlamu wanga ndiye ankasewera wankhondo wa ku Thundertree, ndipo pepala lake linkamukankhira komweko. Apa ndinaphunzira kuti kuchenjeza osewera si kuwononga masewera. Ndinagwiritsa ntchito Reidoth, nkhalamba yosamala zachilengedwe imene ili m'bwinjamo, kuwauza mosabisa kuti akalowa lero satuluka. Anabwerera, mlamu akudandaula ngati wasiyadi manda a makolo ake m'manja mwa chilombo. Anadzapitanso ali pa levulo yachisanu, mgodi atauwombola kale, ndipo chinjokacho chitauluka kuthawa anaimirira pampando.

Ulendo wonse unatitengera masiku 13 okumana. Utatha, aliyense ankafuna kupanga mtengambali wakewake. Kabuku ka m'bokosi kalibe malamulo opangira munthu watsopano, choncho tinatenga Basic Rules, omwe eni masewerawa anawaika pa intaneti kwaulere. Muli mitundu inayi ya anthu ndi ntchito zinayi: wankhondo, wansembe, tambwali ndi wamatsenga. Zinatikwanira.

Kuti tipeze manambala a mphamvu, nzeru ndi maluso ena a mtengambali, tinayamba ndi kuponya madayisi anayi a mbali 6 n'kutaya yochepetsetsa, kasanu ndi kamodzi. Mmodzi anapeza 17, 16 ndi 16, wina nambala yake yaikulu inali 13. Kuseka kunalipo tsiku limenelo, koma kusiyana kotere munthu amakusenza miyezi yambiri. Tinafafaniza n'kutenga manambala ofanana kwa onse: 15, 14, 13, 12, 10, 8. Ndikulangiza gulu lililonse latsopano kuchita chimodzimodzi. 8 ija ndi yofunika kuposa 15, chifukwa ndi pomwe munthu amafunira mnzake.

Koma vuto lenileni silinali manambala. Anthu asanu atsopanowo anali amphamvu, owerengeredwa bwino, ndipo anayi mwa iwo anali ana amasiye oyendayenda opanda kwawo. Aliyense anaganiza kuti munthu wopanda m'bale ndiye womasuka. Masiku atatu otsatira anali ozizira kwambiri pa miyezi khumi yonseyi. Ndikati mudzi ukuwotchedwa, funso linali lakuti atilipira zingati. Mnzanga wa kuntchito uja anayamba kusuzumira pa foni. Ndinayesa kuwonjezera zilombo, ndinayesa kuwonjezera golide, osathandiza. Usiku wina ndikusanja bokosi ndinatembenuza pepala lakale la tambwali, n'kuona dzina la Qelline pomwe mchemwali wanga analizunguliza ndi pensulo.

Loweruka lotsatira madayisi anakhala m'thumba. Ndinafunsa aliyense monga momwe timafunsira mlendo kumudzi: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, ndinu mwana wa yani? Kenako mafunso ena awiri: muli ndi ngongole kwa yani, ndipo pa anthu ali patebulo pano, ndani amene munadziwana naye kale, munadziwana bwanji? Amene anaumirira kuti ndi wamasiye ndinamufunsa kuti anamulera ndani, pakuti palibe mwana amene amadzilera yekha. Anaganiza kanthawi n'kunena kuti ndi mmisiri wosula zitsulo, amene iye anamubera ndalama pothawa. Wina anati mlongo wake anakwatiwa ndi mkulu wa asilikali a mzinda womwe gululi likufuna kuubera. Awiri anagwirizana kuti anakhalapo m'ndende imodzi, ndipo mmodzi akudziwa chomwe mnzakeyo anamangidwira. Ndinadzaza masamba anayi a kope, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinasowepo chokonzekera. Malamulo ali nazo kale zimenezi, amazitcha ideals, bonds ndi flaws (zomwe munthu amakhulupirira, maubale ake ndi zofooka zake), koma ife tinkazidumpha ngati mizere yosafunika ya pa fomu.

Lamulo la inspiration nalonso tinkaliiwala, lija DM amapatsa wosewera mwayi woponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu chifukwa wasewera mogwirizana ndi khalidwe la munthu wake. Tsopano ndimaika nkhomo za bawo m'mbale pakati pa tebulo, wina akachita zogwira mtima ndimamupatsa imodzi m'manja. Chinthu chogwirika sichiiwalika.

Kodi ndingakulangizeni kugula? Inde, ngati mwalipeza. Mu 2022 kunatuluka bokosi lina la oyamba kumene, Dragons of Stormwreck Isle, ndipo mu 2024 malamulo akuluakulu anakonzedwanso, choncho lakaleli silipezeka paliponse. Bokosi langali lonse lili m'Chingerezi, ndiye DM akonzekere kumasulira. Ine ndimalemba mawu ofotokozera malo m'Chichewa usiku woti mawa tisewera, chifukwa kuwerenga Chingerezi mokweza kumazimitsa moto patebulo pathu. Ndipo musalole osewera atsopano kukana mapepala okonzeratuwo poganiza kuti ndi a ana. Asewere nawo mpaka levulo yachisanu, awerenge kuseri mokweza tsiku loyamba, aliyense amve za mnzake.

Loweruka likubwerali gulu lathu likulowa mumzinda kukagula akavalo. Wosula zitsulo yekhayo mumzindamo ndi nkhalamba ina yotsimphina, imene yakhala zaka zisanu ndi ziwiri ikufunsa apaulendo ngati anaonako mnyamata wake.