Jakisoni wa pamsana: ndikumupatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu

Amayi anzanga akuno ku Zomba akhala akundifunsa ngati nawonso apite akabayitse jakisoni wa pamsana. Yankho langa ndi lakuti musathamange, makamaka ngati msana wanu unayamba kalekale ngati wangawu.

Ine ndine telala, ndimasokera ku Chinamwali. Kupalasa makina tsiku lonse nditawerama kunandipatsa ululu wa m'chiuno umene wakhala nane kwa zaka. Poyamba ndinkabayitsa diclofenac wa pathako m'zipatala zing'onozing'ono zolipira. Amaziziritsa ndithu, koma mawa lake ululu uli pomwepo, ndipo ukamubwerezabwereza amawononga m'mimba ndi impso. Kenako ndinauzidwa za jakisoni wina, wotchedwa epidural, amene amalowetsa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid pafupi ndi mitsempha ya pamsana penipenipo. Ndinakabayitsa ku chipatala china cholipira ku Blantyre.

Za chisamaliro sindidandaula. Anandigoneka chafufumimba, kunditsuka pamsana ndi mankhwala ozizira, kubaya kajakisoni kochititsa dzanzi, kenako singano yaitali ija. Sinapweteke monga ndinkaopera, ndinangomva ngati wina akundikanikiza ndi chala mkati mwa fupa. Madzulo ake ndinali m'minibasi kudutsa pa Namadzi ndi pa Thondwe, ndikubwerera kwathu.

Masabata oyambirira ndinasangalala kwambiri. Ndinkasesa pabwalo ndi tsache lalifupi osagwira m'chiuno, ndinkadzuka pa mkeka osayamba ndagwada. Ndinauza aliyense kutchalitchi kuti ndachira. Koma chimanga chimene chinali m'mawondo tsiku lobayitsa chisanamasule n'komwe, ululu unali utabwerera wonse, malo omwewo. Chinanso, ine ndili ndi matenda a shuga, ndipo shuga wanga anakwera kwa masiku angapo nditabayitsa. Steroid amatero, koma palibe amene anandichenjeza. Ndalama zimene zinapita, kuphatikiza thiransipoti, zikanagula feteleza wa munda wanga wonse.

Atandiuza kuti ndibwerenso kudzabayitsa kachiwiri, mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za udokotala anati, "Amayi aang'ono, dikirani kaye tiwerenge." Zimene anandiwerengera ndi zimene zandichititsa kulemba ndemangayi. Mu February 2025, magazini ya madokotala ya BMJ inatulutsa malangizo a gulu la akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana. Anasonkhanitsa kafukufuku wambiri amene anayerekeza anthu obayidwa mankhwala enieni ndi anthu obayidwa jakisoni wongoyerekezera. Kwa amene msana kapena khosi lawapweteka miyezi itatu kapena kupitirira, ndipo chifukwa chake si khansa kapena nyamakazi yotupitsa mfundo, kusiyana kwake kunali kochepa zedi, mwinanso kunalibe. Akatswiriwo anakaniza mwamphamvu epidural, jakisoni wa m'timfundo ta msana, ngakhalenso njira ina yowotcha timitsempha ndi singano. Ku Britain, bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE linali litanena kale mu 2016 kuti wodwala msana wa m'munsi asamapatsidwe majakisoni a pamsana, kupatula pamene ululu woopsa wangoyamba kumene ndipo ukutsikira kumwendo. Pamenepo epidural angathandizeko kwa kanthawi. Wanga sunali wotero.

Tsono n'chifukwa chiyani ndinapezako bwino? Mwanayo anandifotokozera kuti ululu wokhalitsa umakwera n'kutsika pawokha, ndipo munthu amapita kukabayitsa pamene wafika poipitsitsa. Onjezerani mpumulo umene ndinapuma, ndi mtima woti ndalandira chithandizo chachikulu. Madokotala ena obaya majakisoniwa akutsutsa malangizo a BMJ aja, akuti pali odwala ena amene amathandizikadi. Mwina alipo. Koma munthu asanatulutse ndalama zake ayenera kuuzidwa kuti umboni wake ndi wofooka chonchi, ndiponso kuti ngozi zilipo ngakhale sizichitika kawirikawiri: kulowa kwa tizilombo, mutu waukulu, kuvulala kwa mtsempha. Bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku America linachenjeza za kuvulala kwa mitsempha kotereku mu 2014.

Jakisoni wachiwiri ndinamukana. Ndinayamba mafizo, ndipo ndikuwapangabe m'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu. Ndinakweza mpando wosokera, ndimaimirira pafupipafupi, ndipo madzulo ndimayenda wapansi cha ku Matawale. Msana sunasiyiretu, koma ndikugwira ntchito mpaka kuweruka. Izi zikugwirizana ndi malangizo a 2023 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, amene amalimbikitsa kuphunzitsa wodwala, masewera olimbitsa thupi ndi kusisita, n'kukaniza malamba omanga m'chiuno ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine.

Koma chonde, abale anga, si msana uliwonse umene uli wa mafizo. Kuno kwathu TB imagwiranso mafupa a msana. Ngati mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, miyendo ikufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osadziwa, musadikire jakisoni kapena mafizo. Pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba Central tsiku lomwelo akakupimeni.