Economy 7 kapena mtengo umodzi? Zomwe zinandiona ine kuno ku UK

Anzanga omwe angofika kumene akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti mita ya nyumba yomwe apeza ikuonetsa manambala awiri, ndiye asinthe kapena asiye choncho. Ndiyankhe kamodzi basi.

Manambala awiriwo ndi Economy 7, magetsi amatchipa maola 7 usiku, kawirikawiri kuyamba cha m'ma 12 mpaka cha m'ma 7 m'mawa kutengera dera lomwe muli. Zimamveka zokoma, koma masana yuniti imadula kuposa ya mtengo umodzi, ndiye ngati zambiri mumachita masana mwagwa nayo.

Ine ndi mmene ndinapsera. Flat yanga yoyamba a landlord anali atachotsa ma storage heater aja okhala ndi njerwa mkati, omwe amatentha usiku n'kumatulutsa kutenthako masana, n'kuika ma heater wamba apakhoma, koma mita anaisiya pa Economy 7. Ineyo ndimagwira ma night ku care home, maola otchipawo ndili kuntchito nyumba ili zii, ndikabwera 8 koloko ndayatsa heater, ndatereka nyemba maola awiri, nsima, kuchapa yunifomu, zonsezo pa mtengo wa masana. Bilu ya January itabwera ndinaima pakhomo jekete ili m'thupi kuiwerenga kawiri, ndimaona ngati andiphatikizira ya aneba.

Kenako ka wotchi. Mamita ena akale satsata kusintha kwa nthawi kumapeto kwa March pomwe mawotchi a ku UK amapita patsogolo ndi ola limodzi, iwo amakhalabe pa GMT, nthawi ya m'nyengo yozizira, ndiye timer ya thanki ya madzi otentha ndinaitchera 12 osadziwa kuti kutchipa kwasunthira 1 koloko. Chilimwe chonse ola loyamba ndimalipira mtengo wodula. Funsani kampani yanu maola enieni a mita yanu, musamangomvera za pagulu.

Mtengo umodzi ulibe nkhani, yuniti ndi yomweyo usana ndi usiku, kuphika nthawi yomwe njala yakupweteka. Standing charge, ndalama ija mumalipira tsiku lililonse olo osayatsa kanthu, ilipo pafupifupi konsekonse, imeneyo simungaithawe olo mutapita ku Malawi mwezi wathunthu.

Palinso zina zotchipa usiku ngati Octopus Go, zofuna smart meter (mita yotumiza yokha manambala ku kampani), koma zimenezo anapangira a magalimoto amagetsi, ine wa basi sizikundikhudza.

Kunena chilungamo Economy 7 ili ndi eni ake. Ngati ma storage heater alipo ndipo akugwira, thanki ikutentha usiku, khalani pomwepo, bola pafupifupi mayunitsi 4 pa 10 alionse azipita usiku. Zoyatsa dryer n'kukagona kuti mupulumutse ndalama ayi, ozimitsa moto amaletsa, komanso aneba apansi adzakugogoderani.

Ine ndinasamukira ku mtengo umodzi ndipo Economy 7 ndimaisungirabe chakukhosi. Musanasayine nyumba yang'anani kaye ma heater, ngati ndi opyapyala opepuka koma mita ili ndi manambala awiri, imbirani kampani ya magetsi sabata yomweyo.